Chingerezi cha anaPhiri

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pakhomo la tchalitchi, pa holide ya Fomu 3. Tikutuluka m'mapemphero, anaPhiri, mayi wamasiye wa m'mudzi mwathu, anandiitanira pambali. Anali atamva kuti sitolo ina ya pa Namitete, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, ikufuna wogulitsa wodziwa Chingerezi. Chaka chimenecho matalala anali atawononga fodya wawo yense, ndipo ana awo ankagona ndi njala.

"Undiphunzitse chogulitsira chokha, mwanawe," anatero. "Chinacho ndi cha abusa."

Malipiro anga anali mbale ya mtedza Loweruka lililonse.

Ine ndine mtsikana wamanyazi, m'kalasi sindikweza dzanja. Koma kuseri kwa chigafa chawo kunalibe wondiseka. Bolodi yathu inali chitseko chakale, choko chathu makala. Pa benchi tinkayala mapaketi opanda kanthu a shuga, sopo ndi machesi, ndipo zitsekerero za mabotolo zinali ndalama. Ine ndinkakhala kasitomala, iwo wogulitsa, kenako n'kusinthana.

Liwu limene linatidyera nthawi ndi "buy". Mafunso awo sankatha.

"Kodi aphunzitsi, lero 'buy', dzulo 'bought'. Dzulo linalakwanji?"

Atafunsa za "purchase", ndinawauza kuti ndi kugula komweko, koma kovala jekete. Anaseka mpaka kutsokomola. Zimene zinkandikanika ndinkakafunsa kwa aphunzitsi athu, n'kubwera nazo mawa lake. AnaPhiri ankabwereza mawuwo posenda mtedza, potunga madzi, mpaka anzawo kumjigo anayamba kuwatchula kuti mzungu.

Tsiku lokaonana ndi mwini sitolo anandipempha kuti ndiwaperekeze. Anavala nsapato zobwereka, ndipo njira yonse ankanong'ona moni umene tinakonza. Titalowa, bamboyo anawayang'ana kuyambira pa duku mpaka kumapazi. Sanawafunse kanthu. AnaPhiri anayamba okha m'Chingerezi, osalakwitsa. Iye anawadula m'Chichewa.

"Pepani mayi, pano tikufuna atsikana. Makasitomala amayang'ana nkhope." Kenako analoza ine. "Uyu ndi mwana wanu? Akhoza kuyamba mawa."

Ndinayang'ana pansi. Anayankha ndi anaPhiri.

"Amenewa ndi aphunzitsi anga, bwana. Ali pasukulu, musawasokoneze."

Pobwerera, titafika padambo, anaPhiri anakhala pa chulu n'kuvula nsapato zija. Zidendene zinali zitatuluka matuza. Kenako anandiyang'ana.

"Koma ndinanena bwino, eti?"

"Munanena bwino, amayi."

Anagwedeza mutu, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Amene analira mokweza ndinali ine, ndipo iwo ndi amene ananditonthoza.

Mvula isanagwe anatenga ana awo kupita ku esiteti ina ya fodya ku Kasungu. Sindinawaonenso.

Ndimaphunzitsabe ana a pulaimale a m'mudzi mwathu ndikaweruka. Sindiuzanso munthu kuti Chingerezi chokha chidzamupatsa ntchito, chifukwa ndinaona ndi maso anga. Koma mwana akanena bwino ndimamuuza pomwepo, asanachite kundifunsa.