Mapiritsi a M'nsonga ya Chitenje

Tayala likamapsa penapake, ngakhale ndili m'basi pakati pa tauni, ambuya anga amabwera m'mutu mwanga. Ndimaona utsi wakuda ukukwera pamatanthwe a ku Kanyama, ndimamva fumbi loyera likundikanda pakhosi, ndiponso nyundo ikugunda mwala, go, go, go, kuyambira m'mawa mpaka mthunzi wa chimbudzi utafika pakhomo pathu. Ambuya, amene anabereka amayi anga, ankaswa miyala yogulitsa kwa omanga nyumba. Ankayatsa tayala lakutha pamwamba pa thanthwe kuti ling'ambike ndi moto, kenako n'kukhala pansi atatambalala, n'kumaphwanya zibuma zija mpaka nsidze zawo zitayera ngati za munthu wa pachigayo.

Sanali munthu wofatsa. Anachokera ku Katete ali mtsikana, ndipo zaka zonse za mu Lusaka sizinawasinthe lilime. Ankakalipira woyendetsa lole wofuna kutsitsa mtengo, ankakalipira nkhuku za eni, ankakalipira ine ndikachedwa ndi madzi kumpopi. Koma amene ankawamva kwambiri anali anyamata osuta mankhwala ozunguza bongo, omwe ankakonda kubisala kuseri kwa milu ya miyala yawo.

"Chokani apa, zinyalala inu!" ankatero, nyundo ili m'mwamba. "Munthu wamoyo n'kumadziwola yekha!"

Ndili mu giredi folo, wilibala yodzaza miyala inawapendamira pamphepete pa dzenje n'kuwaphwanya m'chiuno. Anagona kuchipatala, ndipo potuluka anapatsidwa mapiritsi amphamvu oletsa ululu, obiriwira mbali ina, achikasu mbali ina, dzina lake tramadol. Anawauza kuti amwe kwa masiku ochepa chabe. Mapiritsi aja anagwiradi ntchito. Ambuya anadzuka, anabwerera kumiyala nthawi yake isanakwane, ndipo a kuchipatala atatha anapeza ena pakantemba, kasitolo kena kuseri kwa msika, pomwe munthu sankafunsidwa pepala la dokotala.

Ife tinkaona ngati ndi mankhwala basi. Ankawamangirira m'nsonga ya chitenje, ndipo palibe amene ankawerenga. Koma ine, amene ndinkakhala nawo masana onse amayi ali kuntchito yosesa m'maofesi, ndinayamba kuona kuti tili ndi ambuya awiri. A m'mawa ankayasamula mosalekeza, mamina ali chuchuchu ngakhale kulibe chimfine, miyendo ikugwedezeka yokha pansi pa chitenje, ndipo supuni ikagwa ankakuwa ngati wagwetsa nyumba. Akameza, pakapita kanthawi, ankatuluka ambuya ena, ofewa, ondisisita m'mutu, oimba nyimbo za kwawo uku nyundo ikuthamanga. Poyamba ambuya ofewawo ankakhalitsa mpaka madzulo. Kenako anayamba kutha dzuwa lili pamutu, ndipo mfundo ya chitenje inkamasulidwa kawirikawiri.

Tsiku lina m'nyengo yozizira ndinali kusefa miyala ing'onoing'ono pambali pawo pamene nyundo inaleka kulira. Nditatembenuka ndinapeza agwa chagada, thupi louma, miyendo ikuphiriphitha pafumbi, thovu lili kukamwa. Ndinakuwa mpaka amayi anzawo oswa miyala anathamangira. Atatsitsimuka sanadziwe chimene chachitika, ndipo anandikalipira chifukwa cholira pagulu.

Madzulo ake anabwera amalume a Lameki, mchimwene wa amayi, amene ankawotcherera zitseko ku Chawama ndipo anali mkulu wa mapemphero kutchalitchi kwawo. Mmodzi wa amayi aja anali atawanong'oneza za kantemba ka kuseri kwa msika. Amalume anamasula okha mfundo ya chitenje, ambuya akuwamenya m'manja, ndipo mapiritsi anamwazika pasimenti.

"Amama, ivi ni vinthu vamene vamupayani," anatero amalume. "Iyi ni mizimu yoipa. Manje manje vizasila."

Anawatola onse, napita nawo kuchimbudzi, n'kuwaponya m'dzenje. Anauza amayi kuti asawalole kutuluka pakhomo, ndipo analonjeza kubwera ndi anzawo kudzapemphera.

Masiku otsatirawo sindidzawaiwala. Ambuya sankatha kukhala, sankatha kugona, sankatha kuima pamodzi. Ankazungulira kabwalo kathu kakang'ono, kuchokera pambaula kupita pachingwe choyanikira zovala, kuchokera pachingwe kubwerera pambaula, thukuta lili kamukamu pamene ife tonse tavala majuzi. Ankadzimenya ntchafu ndi zibakera, ati muli nyerere m'mafupa. Phala ankasanza, m'mimba munatseguka. Anthu a mapemphero anabweradi, anawazungulira, anafuula mpaka ana a m'makomo ena anakwera pampanda kudzaonera, ndipo atachoka ambuya anapitiriza kuzungulira.

Amayi atapita kuntchito, ambuya anandigwira mkono. Dzanja lawo linali lonyowa, lozizira.

"Tisa, mdzukulu wanga, thamangira kuseri kwa msika. Awiri chabe. Palibe adziwe."

"Amalume aletsa, ambuya."

"Lameki ndinamubereka ndine! Iwe, ndikufa ine, sukuona?"

Kenako anagwada. Munthu amene ankaopedwa ndi oyendetsa malole anagwada pamaso pa mwana wa giredi folo, akulira. Ndinathawa, koma sindinapite kumsika. Ndinathamangira kwa a neba athu amene anali ndi foni, ndipo anaimbira amayi. Amayi atafika n'kuona maso a ambuya atalowa m'kati, milomo itauma, sanadikire amalume. Tinawakweza pawilibala yomwe ija ya miyala, titayalamo bulangete, mpaka kukiliniki ya m'komboni.

Amene anatilandira anali dokotala wamkazi, wachitsikana, wa mawu otsika. Anawaika diripi, anawapatsa mankhwala oletsa kusanza ndi kutsegula m'mimba, kenako anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi. Amalume anali atafika, ataima pakhomo, nkhope ili gwaa.

"Ambuya, mwenze kumwa yangati pa siku?" anafunsa dokotala.

"Ine sindine chidakwa, mwana wanga. Ndi mankhwala a chiuno."

"Niziba. Sinifuna kumuweruzani. Nifuna chabe nizibe poyambira."

Ambuya anatambasula zala za dzanja limodzi. Anayang'ana amalume, anayang'ana amayi, kenako pang'onopang'ono anatambasulanso dzanja linalo. Amayi anagwira pakamwa.

Dokotala sanadabwe. Anatifotokozera kuti mankhwala amenewa akamwedwa nthawi yaitali thupi limawazolowera, limafuna ochuluka kuti limve chimodzimodzi, ndipo akachuluka angagwetse munthu ngati wakhunyu kapena kumuletsa kupuma. Anati kuwalanda mwadzidzidzi ndiko kunabweretsa thukuta, kusanza ndi nyerere za m'mafupa zija.

"Ba Lameki, pempherani, palibe wamulesani," anatero. "Koma uyu ni matenda. Munthu ali pamwamba pa nyumba simumukankha, mumamuikira makwerero."

Amalume anatuluka panja.

Anatitumiza kuchipatala chachikulu, kumbali yosamalira anthu ozolowera mowa ndi mankhwala. Kumeneko anawabwezera mapiritsi omwewo, koma ochepa, n'kumawachepetsabe pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Ankasunga ndi amayi, n'kumawapatsa pa nthawi yake. Chiuno anachiunikanso, anawapatsa mankhwala ena osazoloweretsa, ndipo anawaphunzitsa kuwongola mwendo atagwira khoma. Ambuya ankachita zimenezi akutukwana khomalo. Mlingo ukatsitsidwa, miyendo inkayambiranso kugwedezeka, tulo tinkathawa, ndipo nyumba yonse tinkayenda monyang'ama.

Chimene ankadana nacho kwambiri chinali tsiku la zokambirana. Odwala ankakhala pamabenchi pansi pa shedi, mlangizi ali pakati, aliyense n'kumanena mmene sabata yamuyendera. Tsiku loyamba ndinawaperekeza chifukwa sukulu inali yotseka. Titangofika ambuya anaima chilili. Pabenchi panali anyamata owonda, ndipo mmodzi wa iwo anali Bwalya, yemwe ankamupitikitsa kumiyala kuposa onse.

Bwalya anavula chipewa, maso ali tong'o. "Awe! Ba mbuya, naimwe muli mu timu?"

Ndinaganiza kuti ambuya abwerera. Anamuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo anaona mawondo ake akugwedezeka ngati awo.

"Sendera uko ndikhale," anatero.

Masabata oyamba ambuya ankangomvetsera pabenchipo. Koma pobwera kunyumba ankalankhula okha m'basi. Ankati Bwalya anayamba kusuta atamwalira amayi ake, ankati mnyamata wina ali ndi mwana amene sanamuonepo. Kenako anayamba kunyamula mbatata yophika m'pepala la pulasitiki, ati anyamata aja amabwera osadya. Sanasiye kuwakalipira, koma tsopano ankawakalipira akajomba.

Mlingo unatsika mpaka ambuya anasiya mapiritsi mvula isanayambe, ndipo amalume anabwera ndi nkhuku, ati Mulungu wayankha. Koma mvula itafika Kanyama anamira monga mwa chaka chilichonse, madzi analowa m'nyumba, tinaika mabedi panjerwa, ndipo chiuno cha ambuya chinayamba kuwawa ndi chinyezi. Masana ena ndinawapeza akuimba nyimbo za kwawo ndi mawu ofewa aja. Ndinayang'ana nsonga ya chitenje chawo, ndipo mfundo ija inali itabwerera. Iwo anaona kuti ndadziwa.

M'mawa mwake anavala majombo a amayi. "Tiye," anandiuza. Tinawoloka madzi ofika m'mawondo mpaka pamsewu. Kuchipatala anaika okha mapiritsi otsala patebulo la mlangizi, osadikira kufunsidwa.

"Ndagwa," anatero.

"Mwachita bwino kubwera," anayankha mlangizi. Anawachenjeza kuti thupi limene lasiya silingapirirenso mlingo wakale, ndipo pamenepo ndi pamene ambiri amafera. Kenako anati ayambirenso.

Anayambiranso, ndipo ulendo uno anasiyiratu. Kumiyala sanabwererenso. Anayamba kugulitsa malasha pakhomo, ndipo anakhala zaka zina zambiri, akutsimphina, akukalipira ogula. Bwalya anasiya, anagwa, anasiyanso, kenako anasamukira ku Kitwe kwa abale ake, ndipo sitinamvenso za iye. Ambuya ankamufunsabe kwa aliyense wochokera kumeneko mpaka chaka chimene anamwalira.

Ine tsopano ndine mayi wa ana awiri, ndimaphunzitsa pasukulu ina ku Matero. Chaka chatha foni yanga inalira ndili m'kalasi. Anali amalume a Lameki, amene tsopano ali ndi imvi mutu wonse. Anapeza mabotolo a mankhwala a chifuwa, aja achinyamata amamwa kuti aledzere, pansi pa matiresi a mwana wawo wotsiriza, ndipo mnyamatayo anali atasiya sukulu osauza munthu.

"Tisa, sininataye kalikonse. Vonse vili pamene navipeza. Niuze chabe, kuja kuchipatala timangenera pa chitseko chiti?"

Ndinapempha mnzanga kuti andiyang'anire ana a m'kalasi, ndinakwera basi ya ku Chawama, ndipo tinapita naye mnyamatayo kuchipatala kuja tonse atatu. Mnyamatayo akuyendabe kumeneko mpaka lero. Masabata ena amapita yekha, masabata ena ndimakamutenga.