Waya wa Makiyi Olakwika

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala nawo khonde limodzi a Makiyi, ine ndikusoka nsapato, iwo akudula makiyi, kutsogolo kwa sitolo ya zitsulo moyang'anana ndi pokwerera basi. Ndi munthu wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, wouma pakamwa. Kiyi akangomuika pa chopanira, ngakhale muwapatse moni katatu sayankha mpaka atamaliza kupala.

Anali ndi chizolowezi chimodzi chomwe tonse tinkawaseka nacho. Kiyi aliyense amene amulakwitsa podula sankamutaya, ankamulowetsa pa waya wopachika pa msomali wa benchi. Ankati kiyi wolakwika ukamutaya pamsewu, wina amutola, amupala pang'ono, mawa walowa naye m'nyumba ya eni. Ndiye wayawo unkangolemera chaka ndi chaka. Ine ndinkati, "Achimwene, tsiku lina mkanda wanuwu udzagwetsa khoma." Iwo ankangoti, "Soka nsapato iwe."

Chaka chatha nyumba zinayi za kumtunda kwa msika zinaberedwa popanda kuthyola chitseko. Mayi wina mwa oberedwawo anakumbukira kuti anadulitsapo kiyi pakhonde pathu. Lachiwiri m'mawa apolisi anabwera, anatenga a Makiyi ndi waya womwe. Zimenezo sindiwada nazo kwambiri, kufunsa ndi ntchito yawo. Koma kupolisiko kunali mtolankhani. Anawajambula ali mu unyolo, wina atawakoleka waya uja m'khosi. Kutacha anali pa tsamba loyamba la nyuzipepala: MKULU WA MBAVA WAGWIDWA NDI MAKIYI MAZANA ATATU. Dzina lonse, zaka zawo, ndi malo amene amakhala. Mtolankhaniyo sanawafunse kanthu. Pakhonde pathu, pomwe aliyense akanamuuza za wayayo, sanapondepo.

Pofika masana chithunzicho chinali chitalowa m'mafoni. Akazi awo anachiona kutchalitchi, mwana wawo wamkazi anachionetsedwa ndi anzake a kuntchito.

A Makiyi anakhala m'chitokosi masabata atatu. Apolisi anayesa makiyi onse aja pa zitseko zinayi zija, mmodzimmodzi, ndipo sipanatseguke ngakhale chimodzi. Kenaka anagwira munthu wina, wopenta nyumba, katundu ali naye. Khoti linamasula a Makiyi Lachisanu, m'chipinda momwe munali ine, akazi awo, ndi wapolisi wosinza. Wa kamera sanaoneke.

Ndinawaperekeza ku ofesi ya nyuzipepala. Anavala jekete la ukwati wa mwana wawo, kalata ya khoti ili mu envulopu. Tinadikira pa benchi maola awiri, kenaka anatilowetsa kwa mkonzi, bambo waulemu wake ndithu, wa maso otopa ngati athu omwe.

"Pepani kwambiri bambo," anatero mkonziyo. "Ife tinalemba zomwe apolisi anatiuza."

"Nanga ine munandifunsa?" anafunsa a Makiyi.

"Nthawi inatithera, nyuzi imayenera kutuluka."

"Chabwino. Ndiye mundijambulenso, ndili ndi kalatayi. Pomwe paja, kutsogolo."

Mkonzi anakanda m'mutu. "Nkhani imeneyi inazizira bambo. Koma tiikapo kenakake."

Kenakakeko kanatuluka patatha masiku asanu ndi anayi: mizere inayi, mkati mwenimweni, pansi pa zotsatsa magalimoto akale, popanda chithunzi. Ine amene ndinkakafunafuna ndinakapeza nditatsegula kachitatu. A Makiyi anakadula ndi lumo n'kukamata pa benchi. Munthu woti aweramire pamenepo kuti awerenge sindinamuonebe.

Madzi akatayika saoleka, ndipo ntchito ya makiyi ndi yoipa pamenepa. Nsapato mutha kuisiya kwa munthu amene mukumukayikira, koma kiyi wa nyumba ayi. Anthu sawanyoza, amawapatsa moni bwinobwino, ena mpaka kunena kuti, "Ife tinkadziwa kuti ndi bodza." Akatero amadutsa, kukadulitsa kwa wina wa kuseri kwa depoti. A Makiyi amabwerabe mamawa, kupukuta makina, kuyala matupa awo, n'kukhala. Masiku ano amakonza maambulera ndi zipi za zikwama. Ndatopa kuwaona akuyang'ana msewu, ndipo nawonso atopa kundiuza kuti zisintha.

Mwezi watha mkazi wanga anataya kiyi wa chitseko chakumaso. Atandipatsa wotsalayo kuti ndikadulitse, anati, "Koma bambo ake, osati pakhonde panu paja." Ndinamukalipira, ndinamukumbutsa kuti kukhoti ndinaliko ine mwini. Iye anangoti, "Ndikudziwa, komabe." Ndipo ine, mboni yawo, amene ndinawaperekeza kwa mkonzi, ndinazungulira kuseri kwa depoti. Ndinadziuza kuti ndikupewa phokoso la m'nyumba.

Dzana ndikutulutsa mpeni m'thumba, makiyi anga anagwa pansi. A Makiyi anawatola. Anagwira watsopanoyo, anamuyendetsa chala m'mano, anamutembenuza. Dzanja la mnzawo amalidziwa monga ine ndidziwira msoko wa wina pa nsapato. Ndinayamba kukonza bodza m'mutu.

"Amakuvuta potsegula eti?" anafunsa.

"Pang'ono, achimwene."

"Sanamalize dzino lachitatu."

Anamuika pa chopanira, anapala kanayi, anauzira, n'kumupukuta pa buluku lawo. Pondibwezera sanandiyang'ane kumaso.

"Ukawauze mayi kuti ndapalira pamaso pako," anatero. "Sindinapite naye kwina."

Atatero anatenga ambulera ya eni n'kupitiriza kuisoka.