Tsiku limene ndinataya singano za bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinatsala pang'ono kupha bambo anga, ndipo ndinachita zimenezo ndikudziyesa mwana wanzeru kuposa onse ku Mwazisi.

Bambo anali mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, ndipo ankadwala shuga, uja wofuna kubaya tsiku ndi tsiku. M'mawa uliwonse, asanamange tayi, ankapinda buluku n'kudzibaya insulini pantchafu. Kabotolo ka mankhwala kankakhala mumphika wa mchenga wonyowa kuseri kwa chitseko. Kuchipatala ankawapatsa singano zochepa, choncho imodzi ankabayira masiku angapo mpaka nsonga kubuntha. Ntchafu zawo zinali zotupa zokhazokha ngati mbatata.

Nthawi ija Edzi itavuta, kusukulu kunabwera mlangizi wa zaumoyo. Anatibwerezetsa mokuwa: singano imodzi, kamodzi kokha, kenako m'chimbudzi! Ine, wopsa mtima chibadwire, ndinathamangira kunyumba, n'kutsegula kachitini ka bambo, n'kukhuthulira singano zonse zinayi m'dzenje. Ndinakhala pakhonde kudikira kuyamikidwa.

Amayi, Mtumbuka wosazengereza, anayamba ndi mbama, funso pambuyo.

"Wachita vichi, iwe? Mawa abambo ako adzibaya ndi chiyani, minga?"

"Musiyeni, amake mwana," anatero bambo. "Wachita zimene taphunzitsa tokha."

M'mawa mwake bambo anapalasa njinga kupita kuchipatala, ulendo wa tsiku lathunthu, osabaya. Pawindo la mankhwala anawauza kuti, "Tsiku lanu silinakwane, aphunzitsi. Mubwere kumapeto kwa mwezi." Anabwerera chimanjamanja. Tsiku lachitatu anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, kusanza, m'kamwa mukununkha zipatso zowola. Tinawakweza pa lole ya fodya, mutu wawo uli pamiyendo panga, maso atatembenuka. Anagona m'chipatala milungu iwiri, pabedi ndi madiripi, chifukwa cha tisingano timene munthu wapawindo uja akanangotola m'katoni.

Atatsitsimuka anandiitana. Ndinkayembekeza chikwapu, ndipo ndinkachifuna.

"Mlangizi uja sananame," anatero. "Koma iwe, usanataye chinthu cha munthu, uzifunsa kaye ngati ali nacho china."

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga, yemwe ndi namwino, anandionetsa pafoni kamakina kamene anthu a kunja amavala m'chiuno, kolowetsa insulini kokha. Akuti kachubu kake kolowa pakhungu ankasintha pa masiku atatu alionse, tsopano kuli kena kotha sabata yathunthu, ndipo akatswiri akukangana ngati kusintha kawirikawiri n'kodula kuposa kugula kokhalitsako.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Sikuti ndimawachitira nsanje odwala akumeneko, ayi, nawonso ndi anthu ndipo khungu lawo limamva kuwawa. Chimandinyansa n'chakuti funso lomwelo, lakuti chitsulo chimodzi chikhale masiku angati m'ntchito, kwathu kuno wodwala amaliyankha yekha, ndi thupi lake, popanda womufunsa. Wolemba lamulo la kamodzi kokha ndi wowerengera singano zinayi pamwezi sanakhalepo pamodzi, ndipo pakati pawo anaikapo bambo anga.

Ndakula ndikudzitcha chitsiru chifukwa cha tsiku lija. Lero ndasiya. Ine ndinamvera zimene akuluakulu anandiuza. Amene amaphunzitsa ana kutaya asanabweretse zosinthira, ameneyo ndiye akadzitche chitsiru.