Ndinkati Ndi Kusala kwa Lenti

Ludzu linandiyamba sabata yotsatira Lachitatu la Phulusa. Ndine wansembe wa Anglican wopuma, koma ndimathandizabe kumatchalitchi a kwa Chia, ndipo chizolowezi changa pa Lenti chinali kusadya kufikira dzuwa litapendeka. Choncho pamene kukhosi kunauma ndi thupi kuphwa, ndinati ndi zipatso za kusala. Nawo akhristu ankandiyamikira kuti Bambo afooka chifukwa cha mapemphero, ine osawatsutsa.

Pakati pa Lenti zilembo za m'buku la Misa zinayamba kuchita chifunga. Ndinkamaliza mapemphero ndi zapamtima, ndili ndi mantha akuti guwa ndilisiya ndili wakhungu.

Amene anakana kundiyamikira ndi a Shehe Bwanali, bwenzi langa la paubwana, amene tinkawedza limodzi tisanapatukane, iwo kumadirasa, ine kumishoni. Atandipeza pakhonde ndikugugudiza madzi, ndipo nditawauza za maso, anati, “Bambo, ine Ramadani ndinayamba kusala ndevu zisanamere. Njala imaondetsa, koma siphimba maso. Valani nsapato, kumwamba sikuthawa.” Anaitana njinga yamoto yoti inditengere kuchipatala, iwo natsatira pa ina.

Kuchipatala tinakhala pabenchi mpaka masana. Namwino anandibaya chala, nayang'ana kachipangizo kake, nati, “Agogo, shuga wakwera kwambiri. Lero simubwerera kwanu.” Anandigoneka m'wodi ya amuna, nandiika diripi. M'mawa uliwonse kunali kuyeza magazi ndi jakisoni, kenaka kudikira dokotala. Poti mayi a kunyumba anatsogola kale, a Shehe ndiwo ankandidikirira, kuchoka pa nthawi ya swala yokha, kukapemphera. Pasaka inandipeza pabedi. Misa anachita wansembe wina.

Dokotala wa maso anandiuza mosabisa kuti diso lamanzere lawonongeka, ndipo mwina akanalipulumutsa ndikanafulumira. Lamanja linayera pang'onopang'ono shuga atatsika.

Tsopano ndimamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ndimadya pa nthawi yake, ndipo tsiku la sikelo ya odwala shuga sindiphonya. Paguwa ndinabwerera, ndimawerenga ndi diso limodzi, buku nditaliyandikitsa.

Anzanga achikulire, a kutchalitchi ndi a kumzikiti omwe, thupi likasintha musalipezere chifukwa chopatulika. Pitani akakuyezeni maso onse awiri akadapenya.