Magetsi Atazima, Ndinadyetsa Nsomba za Adadi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene adadi anandisiyira nsomba zawo. Tinkakhala ku Wolverhampton, m'kanyumba ka lendi kogundana ndi nyumba zina uku ndi uku. Pabalaza, pamene anzathu ankaikapo kanema wamkulu, ife tinali ndi thanki yagalasi yodzaza madzi amchere. Munali nsomba zisanu ndi makorali, tamoyo ta m'nyanja yamchere tooneka ngati maluwa omera pamwala. Ku Malawi adadi anali mphunzitsi wa sayansi, koma kuno ankanyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu. Akaweruka ankavula zinsapato zolemera zija n'kukhala kutsogolo kwa thankiyo osayankhula ndi munthu. Ndikuganiza kuti m'dziko lonse lino ndi malo okhawo amene panalibe wowalamula.

Amami anali namwino pachipatala chachikulu cha mumzindamo, ndipo thankiyo sankafuna n'komwe kuimva. "Nsomba zosadyedwa," ankatero. "Anzathu akumanga manyumba ku Lilongwe, ife tikuweta ndiwo zongoyang'ana."

Yokondedwa kuposa zonse inali nsomba yachikasu, yopyapyala ngati tsamba la mango. Adadi anaitcha Kapitawo, chifukwa inkangoti uku yapita uku yapita kuyang'anira zinzake ngati bwana wawo wa kuntchito. Inali nsomba yawo yoyamba. Anakaigula ku Birmingham n'kubwera nayo pa thiramu, kasitima koyenda m'misewu, m'kajumbo ka madzi, ataibisa m'jekete kuti isazizidwe.

Mwezi wa February chaka chimenecho agogo, mayi awo a adadi, anamwalira ku Ntcheu. Asananyamuke, adadi anandilembera malangizo papepala ndi zilembo zawo zauphunzitsi n'kulimata pambali pa thanki. Chakudya cha nsombazo chinkakhala mufiliza, tizidutswa toundana tokhala m'timabowo ta pulasitiki. Lamulo linali theka la kachidutswa patsiku.

"Nanga magetsi akazima?" anafunsa amami.

Adadi anaseka, koyamba m'masiku atatu. "Kuno? Mayi a Tadala, kuno si ku Ntcheu."

Tadala ndine. Adadi anandigwira paphewa n'kundiuza kuti akufuna adzapeze zonse zisanu zikusambira, ine ndinavomera mosavuta ngati andituma machesi.

Chimphepo chinayamba Lachinayi madzulo. Lachisanu m'mawa sukulu inali yotseka, amami anali atapita kale kushifiti, ndipo ine ndinali kukhitchini ndikumwa tiyi pamene nyumba yonse inangoti zii. Mtengo unali utagwera kanyumba ka magetsi kumapeto kwa msewu wathu. Sindinkadziwa kuti thanki ija imachita phokoso mpaka tsiku limene phokosolo linaleka. Mapampu anaima, hita yotenthetsa madziwo inazima, nyali yabuluu ya pamwamba pa thanki inathima, ndipo madzi anangoti bata.

Ndinawerenga pepala la adadi katatu. Za magetsi munalibe ngakhale liwu limodzi.

Koma panali zinthu ziwiri zimene ndinkadziwa, chifukwa adadi sankatha kusiya uphunzitsi ngakhale pa chakudya. Madzi akaima, mpweya umatha ndipo nsomba zimabanika. Madzi akazizira, makorali amafa. Ndinakwera pampando ndi jagi, n'kumatunga madzi a m'thankimo ndi kuwathira kuchokera m'mwamba kuti achite thovu. Sitovu yathu inali ya gasi, ndiye ndinaiyatsa ndi machesi, ndinatenthetsa madzi, ndinawathira m'mabotolo n'kuwayandamitsa m'thanki. Galasi lonse ndinalifunditsa bulangete langa. Ndinkathira, kupuma pang'ono, kuthiranso, mpaka phewa linachita dzanzi.

Amami atabwera madzulo ndinawapempha kuti tiwaimbire adadi. Anandiyang'ana jekete lili pathupi, likudontha mvula.

"Munthu akuika mayi ake mawa, iwe ukufuna umuuze za nsomba?"

Usiku umenewo ndinagona pa sofa, ndipo ndinkadzuka pafupipafupi kukathira madzi. Loweruka kunacha zonse zisanu zili moyo. Ndinadziona kuti ndine munthu wamkulu, ndipo mwina kudzimva kumeneko ndi kumene kunandipweteka.

Magetsi anali asanabwere, ndipo za mufiliza zinayamba kusungunuka. Amami sanali pa ntchito tsikulo. Anamanga chitenje pamwamba pa juzi n'kutulutsa zonse: nkhuku, masoseji, nyama ya mbuzi imene anakagula ku Sparkhill. Mapoto anadzaza sitovu yonse, nyumba inanunkhira anyezi, ndipo ine ndinatumidwa ndi mbale kwa aneba a mbali zonse ziwiri. "M'nyumba muno chakudya sititaya," anatero. Mawu amenewo ndinakula nawo. Ngakhale mpunga wa dzana unkapeza woudya.

Pansi penipeni pa filiza ndinapeza chakudya cha nsomba chija. Chinali chitasungunuka chonse, tizidutswa pafupifupi makumi awiri, tikutuluka timadzi tofiirira. Ndinaima nacho m'manja. Nsombazo zinali zisanadye kuyambira Lachinayi, chifukwa m'chipwirikiti chija ndinaiwala. Nditavundukula bulangete, Kapitawo anabwera pagalasi n'kumandiyang'ana, kukamwa kukutseguka ndi kutsekeka. Ndinamumvera chisoni. Zazizidwa, zili mumdima, mwini wake kulibe, ndiye zigonenso ndi njala? Komanso chakudyachi chitayidwe? Ndinakhuthulira chonse m'madzimo.

Ndinene zoona, ndinasangalala. Nsombazo zinathamangira chakudyacho, ndipo kwa nthawi yoyamba chizimire magetsi mtima wanga unakhala pansi. Ndinafunditsanso bulangete n'kupita kukathandiza amami kutsuka mapoto.

Nditabwerera patapita maola awiri, fungo ndi limene linandilonjera. Madzi anali oyera ngati otsukira mpunga. Chakudya chimene nsombazo zinalephera kumaliza chinali mbwee pamchenga ndi pamiyala, chikuwola, ndipo kuwolako kunkadya kampweya kochepa kamene kanatsala. Makorali onse anali atafinyikira. Nsomba zinayi zinali pamwamba penipeni, milomo kunja, zikupuma mwabefu. Kapitawo anali pansi, atagona chammbali.

Ndinakwera pampando n'kuyamba kuthira ngati wamisala. Madzi ankatayikira pakapeti, m'manja mwa juzi, paliponse. Ndinkapemphera m'Chingerezi ndi m'Chichewa nthawi imodzi, ndikulonjeza Mulungu zinthu zimene sindikanatha kuchita. Ndinkangoona nkhope ya adadi akulowa pakhomo, ataika mayi awo, n'kupeza galasi lodzaza mitembo. Jagi inandipulumuka n'kumira. Pamenepo ndi pamene ndinakuwa.

Amami anabwera manja ali sopo yekhayekha. Ndinkayembekeza kuti anena zija za nsomba zosadyedwa. M'malo mwake anagwada pagalasi, anayang'ana Kapitawo, kenako wotchi yawo, milomo ikuwerenga chamumtima. Ankawerenga kapumidwe kake monga ankachitira ndi odwala.

"Wazipatsa chiyani?"

"The food, Mami. It was melting."

"Chochuluka bwanji?"

"All of it."

"Chonse?" Anatseka maso kanthawi. "Chabwino. Pukuta misozi, ulira bwino tikamaliza. Zimafuna chiyani kuti zikhale moyo? Ukudziwa ndiwe, ine sindidziwa."

Ndinawauza ndikusisima kuti zikufuna mpweya ndi madzi atsopano. Amami anathamangira m'chipinda cham'mwamba. Ndinamva akukoka sutikesi ya pamwamba pa wadiropu, ndipo anatsika ndi kabokosi kakuda. Munali makina awo akale opimira kuthamanga kwa magazi, aja opopa ndi dzanja, amene bambo awo anawagulira atamaliza maphunziro a unamwino ku Malawi. Kuno sankawagwiritsa ntchito, koma sankalola munthu kuwakhudza. Anatenga sizasi n'kudula chubu chake osazengereza. Kampira kopopera kaja anakalumikiza ku kachubu kataliko kamene adadi ankagwiritsa ntchito pa thanki, nsonga inayo tinaimiza pansi pa thanki, ndipo atafinya, thovu linakwera.

"Gwira. Finya, siya, finya, siya. Usaleke."

Pansi pa masitepe adadi ankasungapo zigubu ziwiri za madzi amchere osakaniza kale. Anali ozizira ngati a mufiliji. Amami anaimika zigubuzo m'beseni la madzi otentha, akumayesa ndi chigongono monga amayesera madzi osambitsa khanda. Ataona kuti madziwo achepa anati tiwonjezere a pampopi ndi mchere wa kukhitchini, koma ndinakana mokuwa kuti zimenezo zingaphe zonse za m'thankimo, ndipo anandimvera. Ndi paipi anayamwa madzi oipa aja kuti ayambe kutsikira mundowa, ena anawalowa m'kamwa, analavula, n'kupitiriza. Nyenyeswa za chakudya anazitola ndi sefa ya tiyi. Ine dzanja lamanja litauma ndinasinthira lamanzere, lamanzere litauma ndinafinya ndi manja awiri.

Kapitawo anafa cha m'ma folo koloko. Ndinaona makha ake akuyenda pang'onopang'ono, kenako osayendanso. Kampira kaja kanandigwa m'manja.

Amami anakatola n'kundibwezera m'dzanja. "Zinayi zikupuma," anatero. "Popa."

Tinapopa mosinthana mpaka Lamulungu. Kutchalitchi sitinapite, chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'nyumba mwathu. Magetsi anabwera cha m'ma leveni, mapampu anakhosomola n'kuyamba kulira, ndipo amami anakhala pansi pakapeti yonyowa ija, zala zitapindika osatha kuziwongola. Analamula kuti nsombazo zisalawe kanthu kwa masiku atatu. Makorali awiri anayera n'kutsala miyala chabe, koma enawo anayamba kutambasuka patapita sabata.

Tsiku loti adadi afike ndinawafunsa amami chimene tikawauze.

"Ine sindinena kanthu," anatero. "Nkhaniyi ndi yako."

Adadi analowa ataonda, mutu atameta mpala wa pamaliro. Sanavule n'komwe jekete. Anakhala pampando wawo uja n'kuwerenga ndi maso, kenako anawerenganso.

"Kapitawo ali kuti?"

"Magetsi anazima, Adadi. Masiku awiri."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Wolakwa ndine," anatero. "Kusitolo ankandiuza kuti ndigule pampu ya batire, ine ndinawaseka. Pepa mwanawe, ndinakusenzetsa katundu wolemera."

Njira yothawira inali itatseguka yokha, ndipo amami anali chete monga analonjezera. Koma kuona munthu amene wangoika mayi ake akundipepesa ine, ndinalephera kupirira. Ndinawauza zonse, za filiza, za tizidutswa makumi awiri, ndiponso zoti ndinasangalala pamene ndinkathira.

Maso a adadi anagwera pa kampira kakuda kamene kanali pambali pa thanki, ndi chubu chake chodulidwa. Anakanyamula n'kutembenukira kwa amami.

"Musandiyang'ane choncho, bambo a Tadala," anatero amami. "Sindinachitire nsomba ine."

Adadi anandikhazika pambali pawo. Anandiuza kuti milungu yomaliza agogo sankatha kumeza. Adadiwo ali kuno, tulo osabwera, ankangotumiza uthenga kumudzi kuti agule mkaka, agule shuga, agule mabisiketi, chilichonse chimene agogo ankakonda. Atafika kumudziko anapeza zonsezo zitaunjikidwa pakona, zosatsegula. Amene anawathandizadi agogo anali azakhali, mlongo wawo wa adadi, amene anakhala pamphasa milungu itatu akuwanyowetsa milomo ndi kansalu.

"Inenso ndinathira chakudya chonse, Tadala," anatero. "Chinkatonthoza ine, osati iwo."

Ndi tsiku lokhalo limene ndinaona adadi akulira, ndipo analira akuyang'ana nsomba zinayi zija.

Lero ndine namwino m'wodi ya odwala kwambiri ku Birmingham. Kawirikawiri ndimaona anthu akwathu, a ku Malawi ndi a ku Zambia, akulowa ndi makontena a chakudya chotentha okulunga m'chitenje, pamene pamutu pa bedi palembedwa kuti wodwalayo asadye kanthu. Anzanga ena amakwiya nawo. Ine sinditha, chifukwa dzanja limene lanyamula kontenalo ndimalidziwa, ndi lomwe lija linakhuthula chakudya m'thanki ya adadi. Munthu ukamaona wako akuvutika umafuna kupereka chinachake chachikulu kuti mtima ukhale pansi, koma nthawi zambiri chimene wodwala akufuna ndi chaching'ono, chotopetsa, chobwerezabwereza. Ndiye ndimalandira kontenalo ndi manja awiri n'kuliika pambali. Ndimawakokera mpando pafupi ndi bedi, ndimawapatsa kapu ya madzi ndi kasiponji konyowetsera milomo, n'kuwauza zimene amami anandiuza Loweruka lija: "Gwirani apa. Musaleke."