Matayala a bambo Octávio

Ku Moatize kuno aliyense amadziwa kuti a Octávio Baptista sathamanga. Sathamanga wapansi, sathamanga panjinga, ndipo mvula ikawapeza panjira amayenda ngati yagwera anthu ena. Choncho anthu atamva kuti mkuluyu wayamba mipikisano ya magalimoto, anaseka mpaka kugwira nthiti. Atamvanso kuti magalimotowo ndi a pakompyuta, kuti amapikisana ndi anthu akutali kudzera pa intaneti ali khale pabalaza pawo, anangoti basi, dzuwa la ku Tete lawalowa m'mutu.

Kufatsaku sanabadwe nako. Kwawo ndi ku Zóbuè, nkhondo inawathawitsira ku Mwanza ali mnyamata, ndipo mtendere utabwera anabwerera kukalima mbatatesi ndi kabichi. Malasha atatchuka anatsikira kuno n'kulembedwa ntchito yoyendetsa chilole cha mumgodi, chija tayala lake limodzi limaposa denga la khitchini. Kumeneko ndi komwe anaphunzira kuopa tayala. Chilole chikasenza katundu n'kuthamanga padzuwa ili, tayala limapsa kuyambira m'kati, kunja likuoneka labwinobwino, mpaka tsiku lina lingoti phuu! Woyendetsa wotamandidwa anali amene matayala ake akhalitsa. Mtengo wa malasha utagwa ntchito inatha, iwo n'kutsegula pomatira matayala pansi pa mtengo wa masawu m'mbali mwa msewu, koma mantha aja anatuluka nawo pageti.

Mwana wawo Denise amagwira ntchito ku Beira. Akaimba foni, bambo ake ankangoti, "Uli bwanji? Ife tili bwino. Nawa amako." Basi, foni yapita kwa mayi Elvira. Si kuti sankamukonda. Ankamusowa mpaka kuwawa pamtima, kungoti kachitsulo kakakhala kukhutu manja alibe chogwira, pakamwa pawo pankauma gwaa.

Ndi Denise yemweyo amene anatumiza katoni pabasi: kompyuta yakale, chiwongolero chomangirira patebulo, zopondera mafuta ndi mabuleki, komanso zomverera za m'makutu. Iye ankasewera kale masewerawa m'timu ya anzake, ndiye anawapezera malo bambo ake. A Octávio anazula mpando m'shapa yakufa, minibasi yonyamula anthu ija, n'kuukhomerera pathabwa. Lamlungu lililonse akachokera ku Misa ankavula jekete, kukhala pampandopo, ndipo chodabwitsa chinkachitika. Manja akangogwira chiwongolero, lilime linkamasuka. Ankamuuza Denise za mbuzi yomwe inalowa m'tchalitchi, za chifunga cha ku Zóbuè, za m'mene anawafunsirira amake mbeta iwo n'kuwakana kawiri. Mayi Elvira ankaima pakhomo akupukusa mutu, poti zina mwa nkhanizo ngakhale iwo anali asanazimvepo.

Vuto linali limodzi: a Octávio ankakhala omaliza mpikisano uliwonse.

Masewerawa amatsanzira tayala lenileni. Likazizira siligwira msewu, likafunda limamata bwino, likapsa kwambiri limaterera ngati walipaka sopo, ndipo limaperepeseka pang'onopang'ono. Pakona ya kompyuta pamakhala timabokosi tinayi tosonyeza kutentha kwake. Kamodzi kakangoyamba kuoneka chikasu, a Octávio phazi ankalichotsa pamafuta. Anzawo ankawadutsa mbali zonse, iwo akupitiriza nkhani ya mbuzi.

"Ababa, mpikisanowu ndi waufupi," Denise ankatero. "Usanathe n'komwe tayala silingafe. Mukulisungira ndani?"

"Kuthamanga sikufika, mwanawe."

"Pano kuthamanga ndiye kufika! Ndipo mpikisano wina ukamayamba amakupatsani matayala atsopano, aulere."

"Tayala laulere kulibe," ankayankha a Octávio, n'kumaliza mpikisano matayala ali ngati angochoka m'sitolo. Mayi Elvira ankati amuna awo ndi munthu yekhayo padziko amene amapita ku mpikisano kukalera mphira.

Tsiku lina Denise analankhula mozengereza. "Ababa, mkulu wa timu yathu, a Hermínio, akudandaula. Akuti timu yonse ikutsalira chifukwa cha inu. Lamlungu likubwerali kuli mpikisano wautali, wa ola lathunthu. Mukakhalanso omaliza, akuti malo anu apatsa wina."

Sabata imeneyo a Octávio anamata matayala a anthu mtima uli kwina. Za a Hermínio, munthu amene sanamuonepo nkhope, analibe nazo ntchito. Chinkawadya ndi chakuti akachotsedwa m'timu, Lamlungu lawo ndi Denise latha, abwereranso ku "uli bwanji, nawa amako." Anaganiza, n'kuganizanso, n'kufika pa mfundo: mwana wakhala akundiuza kuti ndithamange, ndiye ndithamanga.

Tsoka lake, anasankha tsiku lolakwika. Mpikisano wautali ndi umene umafuna munthu wodziwa kulera tayala, chifukwa wothamanga mopusa koyambirira amafika pakati alibe choyendera. Ukanakhala mpikisano wawo weniweni umenewu. Koma munthu akatembenuka mtima atakula amatembenuka ndi mipando yomwe.

Nyali zitangoyaka zobiriwira, a Octávio anaponda mafuta mpaka thabwa kulira. Anadutsa galimoto imodzi, ina, inanso. Pokhota ankalowa matayala akulira kwiii, mano ataluma mlomo. Mayi Elvira anasiya mbale n'kuyamba kululutira pakhomo, ana a aneba n'kudzaza pazenera.

"Ababa, ndinu amene mwandidutsa apa?" anafunsa Denise m'zomverera. Sanayankhe.

Patapita kanthawi anatinso, "Ababa, matayala. Yang'anani pakona." Sanayankhenso. Timabokosi tija tinachoka pa chikasu n'kufiira psuu, iwo akutiona ndithu. Chiwongolero chinayamba kupepuka m'manja, ndipo manja amenewo, omwe anayendetsa chilole zaka zonse zija, ankadziwa bwino tanthauzo lake. Ankawachonderera kuti achepetse. Iwo anawakanira, poti kumbuyo kunali kubwera galimoto za anthu, ndipo kumbuyo kwa galimotozo kunali malo omaliza aja.

Mpikisano utangopitirira theka, pokhota pena potsetsereka, galimoto inakana kumvera. Inazungulira kawiri n'kukadziwomba kukhoma. Anaikokera pamalo okonzera galimoto za mpikisano, anthu a pakompyuta n'kuikonza mosafulumira, koma potuluka anzawo onse anali atapita kalekale. Anamaliza omaliza monga mwa masiku onse, kusiyana kwake kunali koti ulendo uno anali thukuta lokhalokha. Ana aja anachoka pazenera mwakachetechete.

Uthenga wa a Hermínio sunachedwe, waulemu wake, wothokoza kwambiri, wowapempha kuti ayambe apuma kaye. A Octávio anazimitsa kompyuta n'kukhala pomwepo. Manyazi anali nawo, koma chachikulu chinali chisoni.

Kenaka foni inalira. Anali Denise.

"Ndakuchititsa manyazi, mwanawe," anatero iwo.

"Za kugonjazo alire ndi a Hermínio. Ine chandiwawa ndi china," anatero Denise. "Mpikisano wautaliwu ndinaupempha ndine, Ababa. Yaifupi ija imatha nkhani ili pakati. Ndimati lero mundiuza yonse ya ku Mwanza ija, mwina n'kutsala pampikisano simutsala poti matayala mumawadziwa. Koma ola lathunthu inu duu! Ndimangomva kupuma kwanu."

A Octávio anaweramira pachiwongolero.

"M'timumo inenso ndatuluka," anapitiriza Denise. "Msewu wopanda anthu uliponso pakompyutapo, tikhoza kumayenda awiri mpaka magetsi atazima. Koma lero ndiye mwandimana."

Mkuluyo anayang'ana kompyuta yozimayo. Anasamutsira foni kudzanja lamanzere, lamanja n'kuliika pachiwongolero, n'kuchipotoza pang'ono uku ndi uku ngati akutuluka pageti. Anakhosomola.

"Tinalekezera pati?"

"Munali mutangowoloka malire, agogo atasenza mphika, inu mukulira."

"Sindinkalira ine," anatero a Octávio, akupukuta m'maso ndi phewa. "Unali utsi. Tamvera bwino ndikuuze."