A Halo a Pansi pa Masitepe

Pasukulu ya zamakompyuta ya payunivesite aliyense ankawatcha a Halo. Dzinalo linabwera ndi ntchito: zaka makumi awiri ndi zinayi ankalandira mafoni m'kachipinda kopanda zenera ka pansi pa masitepe. Zenera sankalidandaula. Maso awo anafa ali mnyamata atadwala kwambiri, ndipo ankakonda kuseka kuti bwana amene anawapatsa kachipindako ankadziwa kusankha munthu.

Ntchito yawo inali yongolumikiza woimba ndi ofesi imene akufuna. Koma nyengo yolembetsa ikafika, m'maofesimo foni inkangolira osayankhidwa, ndiye makolo ankatsalira m'manja mwa a Halo.

"Bambo, mwana wanga akufuna digiri ya sayansi ya makompyuta, ine ndikuti atenge ya kasamalidwe ka uthenga. Si chimodzimodzi kodi?"

"Ayi, mayi. Yoyambayo ndi yopanga mapulogalamu, masamu ake ngosanena. Inayo ndi yokonza njira zoti chipatala kapena kampani izisunga ndi kupeza nkhani zake mosavuta. Palinso ya manetiweki ndi chitetezo chake. Nanga mwana wanuyo masamu amawakonda, kapena amangowapirira?"

Zonsezi anazitola pomvetsera aphunzitsi akamacheza pamasitepe. Ikakwana nthawi yoweruka, akazi awo, omwe ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina, ankabwera kudzawatenga, n'kuyenda nawo atawagwira pachigongono mpaka pokwerera basi.

Kenako sukulu inagula makina olumikiza okha mafoni, ndipo a Halo anauzidwa kuti ntchito yatha. Akulongedza kapu ndi juzi yawo, kunagogoda mphunzitsi wina wamkazi amene ophunzira ankangomutcha Dokotala. Gulu lake linkafufuza njira yoti foni iziwerengera anthu osaona mauthenga m'chilankhulo chawo.

"Ndili ndi ophunzira anayi a digiri yachiwiri, bambo, koma tonsefe timaona. Tikufuna makutu anu."

"Makutu okha? Pakamwa pangapa mupakwanitsa?"

Anasamukira m'chipinda cha kafukufuku, pamwamba, pomwe anawaikira mpando pafupi ndi khomo. Mawu a pulogalamuyo anali oseketsa. Ankatchula mtengo wa m'nkhalango ngati mtengo wa pamsika, ndipo sankapuma pakati pa ziganizo. "Ameneyu wavumata madzi," a Halo ankatero. "Mubwezereni akalavule." Ophunzirawo ankaseka, koma ankalemba chilichonse.

Chaka chachiwiri akazi awo anagonekedwa m'chipatala. Mng'ono wa akaziwo ndiye ankawadwazika, ndipo patatha masabata awiri anauza a Halo kuti, "Alamu, pitani kuntchito, akupezako bwino." Anapitadi. Lachiwiri, nthawi ya nkhomaliro isanakwane, foni yawo inali yolumikizidwa ku sipika chifukwa ankayesa mawu atsopano. Uthenga unalowa, ndipo makinawo anawerenga mokweza, mwachangu, ngati akulengeza za nyengo:

"Alamu bwerani akulu anga atisiya. Uthenga watha. Mukufuna kumvanso?"

Mtsikana wina, amene ankayang'anira za katchulidwe, anathamangira kukazula waya.

"Usiye, mwanangu," anatero a Halo. "Foniyo ibwereze."

Anamvetseranso mpaka kumapeto, manja ali pamaondo. Kenako anapempha ndodo yawo. Dokotala anawatengera kuchipatala pagalimoto yake.

A Halo anabwerera kuntchito patatha mwezi, atatha thupi. Dokotala anawapepesa, nanena kuti ngati sakufunanso kumva mawu aja, aliyense amvetsa.

"Mukupepesa chiyani, mayi? Ine chikhalireni uthenga umandipeza utadutsa kwa munthu wina. Amayamba wauyeza, kwina kudumpha, kwina kufewetsa. Tsiku lija unabwera wonse, kwa mwini wake." Kenako anawonjezera kuti, "Koma makinawo sayenera kuthamanga choncho. Ndipo azifunsa kaye asanakuwe pagulu. Kunjaku kuli wina amene adzaumvera m'basi."

Mtsikana uja anasintha mutu wa kafukufuku wake, n'kuyamba kufufuza za liwiro la mawu ndi malo opumira. Zinamutengera zaka ziwiri. Masiku ena ankalira, chifukwa a Halo sankanyengerera: chiganizo chimodzi ankatha kuchibweza kakhumi. Tsiku lolandira digiri anawakhazika pakati pa makolo ake.

A Halo anagwiranso zaka zitatu, mpaka miyendo itayamba kutupa moti masitepe anawakanika. Tsopano amakhala kwa mwana wawo wamkazi, kunja kwa tawuni. Pulogalamu ija sinathebe, ndipo ophunzira amene akuipitiriza sanawaonepo. Amangowatumizira mawu ojambulidwa Lolemba lililonse. Iwo amamvetsera ali pakhonde, m'mawa adzukulu akapita kusukulu, ndipo pofika Lachinayi amakhala atayankha.